Kaphedwe ka kopaletivi popanda mkangano

Alimi a soya ndi mtedza a ku Malomo, Madisi ndi Mponela, ngati kopaletivi yanu yayamba kupha makwacha, musataye mtima. Mankhwala ake alipo, ndipo agona pa kasankhidwe ka bodi.

Wapampando achokere ku banja la ufumu, kuti akatsokomola onse aziomba m'manja. Msungichuma akhale mphwake, mlembi akhale mlamu wake. Paja chibale ndi fupa: ndalama za mbewu zikasowa, mlandu udzathera pakhonde pa amalume, apolisi osamva n'komwe. Mkamwini ndi obwera azisenza matumba, ngakhale atakhoza masamu bwanji.

Kachiwiri, bodi yonse izichokera mpingo umodzi. Ngati ndinu a CCAP, kumbutsani anthu kuti A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, choncho mipando ndi yanu. Akatolika nawo achite chimodzimodzi komwe achuluka. Ubwino wake ngwakuti msonkhano umachitikira pansi pa mtengo wa mango mapemphero akangotha, ndipo palibe mkhristu wamba angafunse mkulu wa mpingo kuti lisiti la feteleza lili kuti. Akafunsa, ndiye kuti Satana wamulowa.

Msilamu wochita malonda pa Mponela musamuyandikire. Amadziwa mtengo wa soya ku Lilongwe, ndipo sikelo yobera amaizindikira ali patali. Munthu wotere amasokoneza mtendere. Wa Seventh Day ngosavuta: misonkhano yonse muziyika Loweruka. Wakudambwe muzimukumbukira kukabwera alendo a mabungwe, adzatulutse gule, koma mpando ayi.

Wina akatchula gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe limaletsa tsankho la chipembedzo, mtundu ndi kobadwira, yambitsani nyimbo yotsekera. Akati nanga lamulo la 2013 lija lofuna kuti amayi asachepere 40 pa 100 alionse, muuzeni kuti limanena za ntchito za boma. Inu sankhani mayi mmodzi, makamaka wodziwa kufulula thobwa.

Mukatsata izi, posachedwa nkhokwe idzasanduka nyumba ya makoswe, banki idzakukanizani ngongole, mavenda adzagula soya wanu pamtengo womwe afuna. Koma mudzanyadira kuti chiyambire bodi yanu sinatsutsanepo. Amene mukufunabe phindu, pepani, muyenera kukhala pa benchi limodzi ndi munthu wotha kukuuzani kuti mwalakwitsa.