Sitima ya m'mwamba si ya anthu ngati ine

Ku Wuppertal, m'dziko la Germany, kuli sitima yoyenda italendewera. Njanji yake ndi imodzi yokha, ili pamwamba, mabogi n'kupachikika kunsi kwake. Inayamba kunyamula anthu mu 1901, ndipo gawo lalikulu la ulendo wake wa makilomita 13 imadutsa pamwamba pa mtsinje wa Wupper, mamita 12 kuchokera pamadzi. Mphwanga wa ku koleji wakhala akundilalikira za sitima zoterezi, akuti monorail, kuti ndiwo mankhwala a kuthithikana kwa magalimoto m'mizinda. Ndimangovomera mwaulemu, osamuuza kuti amalume akewa akakwera makwerero kukamata denga, mawondo amayamba kuwombana asanafike n'pakati pomwe.

Mu 1950 eni masewera a nyama anakweza mwana wa njovu, dzina lake Tuffi, m'sitimayo pofuna kuitanira anthu. Itangonyamuka, Tuffi anagwidwa mantha, anaboola khoma la bogi, khuvu! mumtsinje. Anavuuka ndi timabala chabe. Mwa anthu ndi nyama zonse zomwe zinakwerapo, amene ndimamumvetsa ndi yekhayo.

Za ku Chongqing, ku China, n'zina. Kumeneko sitima imakhala pamwamba pa mtanda wa konkire, itaukumbatira ndi matayala a labala, n'chifukwa chake imakwera zitunda za mzindawo mosavuta. Pa siteshoni ya Liziba imalowa m'nyumba ya nsanjika 19 momwe mukugona anthu, n'kutulukira mbali inayo. Ine amene ndinasiya kulonjerana ndi neba kaamba ka tambala wake wolira usiku, angandiike m'nyumba imeneyo? Komanso ndikuwadziwa alandilodi anga: lendi angakweze tsiku lomwelo, ati siteji ili pakhomo.

Chondiwawa kwenikweni n'chakuti luso langa lonse la paulendo ndi lapansi. Ndimadziwa kugogoda denga la minibasi kuti anditsitse pamtengo wa mango. Ndimadziwa kunenerera mtengo mpaka kondakitala atatopa, kugula chimanga chootcha pawindo, ndi kuyika dzanja limodzi pagalimoto ikazima kuti anzanga aziti nanenso ndikukankha. M'mwambamo zonsezi n'zopanda ntchito. Makina ogulitsa matikiti samva zoti "yatsala yomweyi, bwana." Chenje sungaiwalitse munthu. Nanga magetsi akathima muli pakati pa mizati, ukatsikira kuti?

Mphwangayo amalotanso zochoka mzinda wina kupita wina m'kuphethira kwa diso. Apa ndiye ndimalankhula molimba mtima, poti ndili pansi. Zambiri mwa sitimazi zimathera pa makilomita 80 pa ola, ngati ya ku Tokyo yopita ku bwalo la ndege la Haneda, yomwe inatsegulidwa mu 1964. Kuti ipatuke njira, mtanda wonse wa konkire uyenera kusuntha, ndiye nthambi sizichuluka. Yothamanga zedi ija ya ku Shanghai, yomwe inkafika makilomita 431 pa ola, ndi mtundu wina: imayandama ndi maginito, ndipo ulendo wake ndi wa makilomita 30 basi. Ku Sydney anatsegula monorail yawo mu 1988, pofika 2013 anaitseka n'kuzula mizati. Nkhani imeneyi ndimaibwereza kwa mphwanga nthawi ya nsima, mokweza mawu.

Inu akuluakulu okonza mizinda, kumene malo athina ndipo anthu achuluka, imangeni ndithu, ndidzabwera kudzaombera m'manja. Koma kunsi kwa mizatiyo musiyeko msewu wa minibasi, ndipo mpando wa pakhomo ndi wanga.