Altezza ya matewe

Mwamuna akadutsa zaka 40 amagwidwa matenda ena amene achipatala sawadziwa. Wina amayamba kudetsa imvi, wina amagula nsapato zothamangira zomwe zimangokhalira kunsi kwa bedi. Njonda ya nkhani ino inagwidwa matenda a galimoto yaliwiro.

Inagula Toyota Altezza monga amagulira ambiri kuno: kuisirira pa foni, kutumiza ndalama ku Japan mtima uli m'mwamba, kenako kudikira kuti itsike m'sitima ku Dar es Salaam ndi kulowa pa Songwe. Ndipo tisainyoze, galimotoyi ili ndi mbiri. Inatuluka mu 1998 n'kusankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Japan. Amene anatsogolera ntchito yoipanga, Nobuaki Katayama, anali atagwirapo ntchito pa galimoto yotchuka ya AE86, ndipo kunja kwa Japan inkagulitsidwa ndi dzina la Lexus IS. Ya njondayi ndi RS200: injini ya malita 2 yomwe a Yamaha anaikapo dzanja, mahachi 210, magiya 6, mphamvu yonse kumatayala akumbuyo. Njondayi imalakatula zimenezi paukwati, pamaliro, ngakhale pamzere wa mafuta. Chomwe imaiwala kutchula n'chakuti Altezza anasiya kuipanga mu 2005, choncho yaing'ono pa zonse ndi yamsinkhu woponya voti.

Vuto linayamba pamene njondayi inapeza mafilimu a anthu othamangitsa magalimoto ku Tsukuba, bwalo la makilomita 2 la ku Japan komwe akatswiri amalimbirana tizigawo ta sekondi. Magalimoto onse kumeneko anali ogwada, mimba pafupi kukhudza phula, matayala atapendekera mkati. Itatuluka panja n'kuyang'ana yake, inaona ngati yaima pamiyendo ya kakowa. Usiku umenewo tulo sitinabwere.

Mnyamata wina wokonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango anati nkhaniyo ndi yaing'ono. “Biggie, gulayinda ilipo. Tidula masipuling'i, pofika masana ikhala itagwada.” Njira imeneyi ilipodi ndipo ambiri amaitsata. Sipuling'i ukaidula imalimbako pang'ono, koma shoko imatsala ndi kampata kochepa kosewerera, ndipo tayala likagwera m'dzenje sipuling'i yofupikayo imatha kuchoka pamalo pake. Njondayi inakana, osati chifukwa inkadziwa zimenezi ayi, koma chifukwa ku Tsukuba sinaoneko gulayinda.

Inayamba kuloweza maina. Bilstein ya ku Germany, yachikasu. Tein ya ku Yokohama, yobiriwira. KW, Koni, Eibach. Itafika pa Öhlins ya ku Sweden n'kuona mtengo, inazimitsa foni n'kupita kukamwa madzi, poti unali pafupi ndi umene inagulira galimoto yonse. Pomaliza inapeza ma coilover ogwirako kale ntchito, opanda dzina looneka, kwa mkulu wina amene ankawagulitsa mwachangu chokayikitsa. Coilover ndi shoko ndi sipuling'i zomangidwa pamodzi, zokhala ndi mphete yopotokola: ukaipotokolera uku galimoto imakwera, ukaipotokolera uko imatsika. Pamwamba pali kabatani kolimbitsa kapena kufewetsa shoko. Opanga anaika zimenezi kuti munthu asankhe pakati. Njondayi inatsitsa mphete mpaka pomwe inakanira, kabatani n'kukazungulira mpaka kumapeto. Inawonjezeranso chitsulo chonenepa cha stabilizer kumbuyo, poti chinali pa mtengo wabwino.

Kenako nambala. Inakopera papepala camber ya madigiri 3, monga a ku Tsukuba. Camber ndi kupendekera kwa tayala ukaliyang'ana uli kutsogolo kwa galimoto. Pokhota mwaliwiro galimoto imatsamira kunja, ndiye tayala lomwe mutu wake unapendekera mkati limadzaponda phula ndi nkhope yake yonse. Nzeru yake ndi yoona. Koma imagwira kwa munthu amene tsiku lake lonse ndi makona. Njondayi tsiku lake lonse ndi mzere wa pa Chipembere Highway, giya yachiwiri, kumbuyo kwa minibasi.

Ana a m'dera ataiona anakuwa kuti galimoto ya amalume yachita matewe.

Tsono mahampu. Altezza imachoka kufakitale mimba yake ili kale pansi, osafika ndi masentimita 15 omwe kuchoka padothi. Itachotsedwapo zala zina zinayi, hampu iliyonse inasanduka mlandu. Njondayi inaphunzira kuwoloka chammbali, tayala limodzilimodzi, ikutseka msewu wonse, makondakitala akuifunsa ngati laisensi inatola. Ekizozi inkalira kweee! pansi, njondayi n'kumakweza wailesi. Mashoko olimba aja ankauza msana chilichonse chimene tayala laponda, ngakhale chitsekerero cha botolo. Mayi a kunyumba anasiya kumwa tiyi asanakwere.

Tsiku la tsoka linali lokatenga apongozi kumudzi. Iwo sabwera chimanjamanja: thumba la chimanga la makilogalamu 50, dengu la mbatata, nkhuku ziwiri zomanga miyendo. Zonse zitalowa m'buti, matayala akumbuyo anabisala m'kati mwa bodi. Pahampu yoyamba ya pa trading centre galimoto inakhala pamimba, tayala lakumbuyo likungozungulira m'malere. Apongozi anatsika, mayi a kunyumba anatsika, thumba linatsika pamutu pa mnyamata wakabaza amene anafuna yake ya sopo. Atawoloka wapansi, apongozi anafunsa mwana wawo motsitsa mawu, koma momveka ndithu: “Kodi bambowa galimotoyi anagula yolumala kale, kapena yalumalira kwanu kuno?”

“Mayi, ndi ya mpikisano,” inatero njondayi.

“Mukupikisana ndi ndani, bambo? Ngolo ija yatidutsa kachiwiri.”

Za chitsulo chakumbuyo chija zinaonekera mvula yoyamba itagwa. Lamulo lake makaniko aliyense wa mipikisano amalidziwa: ukalimbitsa kutsogolo, galimoto imakana kukhota n'kumafuna kupita molunjika, ukalimbitsa kumbuyo, matako ndiwo amayamba kutsetsereka. Kwa galimoto yokankhidwa ndi matayala akumbuyo, paphula lonyowa, sipafunika liwiro lambiri. Pa roundabout ina njondayi inangoona msewu ukuzungulira, n'kupezeka yayang'anizana maso ndi maso ndi dalaivala amene ankaitsatira. Mpaka lero imanena kuti inachita dala, ndipo imatchula Keiichi Tsuchiya, mfumu ya drift ya ku Japan, ngati mboni.

Chimene chinaifikitsa kugalaja ndi nkhani ya ndalama. Matayala a Altezza yotere ndi 215/45 R17, opyapyala m'mbali ndi odula. Kunja ankaoneka atsopano, moti paroadblock ankangoikweza dzanja. M'kati anali atadyeka mpaka mawaya.

Makaniko wa pamakina a alayimenti anali bambo wachikulire, wa ovolosi yotuwa, wosafulumira kulankhula. Anakweza galimoto, n'kugwira tayala lakutsogolo ndi manja awiri, kuligwedeza. Linalira khokhokho.

“Bwana, nambala zanuzo bwezani m'thumba kaye. Mabushi anatha, ball joint iyi yatsala pang'ono kutuluka. Ndingakuikireni madigiri aliwonse apa, mukangotuluka pageti achoka okha.”

Anafotokoza zimene mafilimu aja sananene. Galimoto ngati iyi, yokhala ndi mikono iwiriiwiri patayala lililonse, ukangoitsitsa camber imawonjezeka yokha ndipo toe imasokonekera. Toe ndi kumene matayala aloza ukawayang'ana uli pamwamba: akaloza mkati pang'ono galimoto imakhazikika pamsewu wowongoka, akaloza kunja imakhota mwamsanga koma imayenda ikusakasaka. Ndipo pa zonsezi, wakuba matayala wamkulu ndi toe. Tayala lokhota ndi digiri imodzi yokha limakhala likukwekwerezedwa chammbali mamita 17 pa kilomita iliyonse. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe, amenewo ndi makilomita oposa 5 a tayala lokhulidwa paphula. Njondayi inawerengera pafoni, n'kuwerengeranso, n'kunena kuti foniyo ndi yakale.

Yachitatu, caster, ndi imene imabweza chiwongolero pakati munthu akamaliza kukhota. Imeneyi njondayi inali isanaigwire, chifukwa sinadziwe pomwe imakhala. Ndi yokhayo inapezeka ili bwino.

Itaona kuti ikugonja, njondayi inatulutsa mfundo yake yaikulu: galimoto yaliwiro iyenera kukhala yotsika ndi yolimba. Mdala uja anapukuta manja n'kufunsa ngati inamvapo za Safari Rally ya ku Kenya. Toyota Celica inapambana mpikisano umenewo zaka zitatu zotsatizana, 1984, 1985 ndi 1986, kawiri ndi Björn Waldegård, kamodzi ndi Juha Kankkunen. Magalimoto amenewo ankawakweza m'mwamba, kuwapatsa mashoko a mpata wautali ndi chitsulo choteteza mimba, chifukwa tayala lomwe lili m'malere silikhota, siligwira buleki, silikankha. Ntchito ya sipuling'i ndi shoko ndi kulisunga pansi. Paphula losalala la ku Tsukuba zolimba zimatha ntchitoyo. Pamsewu wa zigamba ndi maenje, galimoto yolimba imangodumphadumpha, ndipo yofewa bwino imaidutsa.

“Ndiye msewu wa kwanu, bwana, ukufanana ndi uti? Wa ku Japan kapena wa ku Kenya?”

Njondayi inati funsolo ndi landale.

Zinatha motere. Mabushi ndi ma ball joint atsopano, mashoko wamba a KYB, masipuling'i oyamba aja amene mwamwayi mayi a kunyumba anali asanagulitse kwa ogula zitsulo, stabilizer ya fakitale kubwerera pamalo pake. Camber inatsala pafupifupi digiri imodzi, toe inabwerera pa nambala za m'buku. Mdala uja anaumiriza kuti poyeza njondayi ikhale pampando wa dalaivala, monga amachitira a mipikisano, poti kulemera kwa munthu kumasintha nambala. Makina atasonyeza kusinthako, anayang'ana mimba ya njondayi osanena kanthu, zomwe zinapweteka kuposa bilu.

Galimoto tsopano ikukhota bwino kuposa mmene inkachitira ili yogwada, ndipo pokwera Zomba sikuopsanso. Njondayi ikuuza anzake kuti yasintha dala, yachoka ku Tsukuba n'kulowa gulu la Safari, ndipo yamata kale chomata cha Kenya pagalasi lakumbuyo. Apongozi akuti galimotoyo yachira chifukwa anaipempherera.

Ma coilover aja akadali kuseri kwa chitseko, ndipo mayi a kunyumba apereka mpaka kumapeto kwa mwezi kuti achoke. Owafuna abwere ndi ndalama m'manja, ngongole ayi, koma ayambe awerenga mahampu amene ali pakati pa nyumba yawo ndi kuntchito.