Za pa Nsanama: muikemo ndi yotapira

Nkhani za pa Nsanama masiku ano zikupsera pa timaambulera ta ma ejenti, tofiira ta Airtel Money ndi tobiriwira ta Mpamba, tomwe tandanda m'mbali mwa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja.

Mawu amene aliyense analoweza ndi akuti "muikemo ndi yotapira." Wogulitsa mpunga amatero, wakabaza amatero. Agogo ena anauza mdzukulu wawo wa ku Blantyre mawu omwewa pa foni, mokweza mpaka msika wonse unamva. Ndalama zitalowa, anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje, natulutsa kapepala kolembapo pini kuti ejenti awerenge yekha. Ejentiyo, mtsikana, anayang'ana kumbali: "Agogo, nambala imeneyi ndi yanu nokha, ngakhale ine musandionetse." Anthu anafa nacho chikhakhali, koma mwana ameneyu ndi woyenera kumuombera m'manja.

Pakhonde la atelala mkangano ndi wa malamulo. Iwo sanaiwale mizere ya mu 2018, pamene MACRA inalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe ndi chitupa cha unzika. "Tonse tinapsa ndi dzuwa kulembetsa," amatero uku akupalasa makina. "Nanga uja wotumiza uthenga woti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, analembetsa ndi chitupa cha yani?" Aphunzitsi ena amayankha kuti malamulo alipo: la 2016 lolimbana ndi umbanda wa pa intaneti, ndi la 2024 loteteza zinsinsi za anthu. Mayi wa mandasi anawadula pakamwa: "Aphunzitsi, akandibera lero, lamulo lanulo ndikalipeza khomo liti pa Nsanama pano?"

Funso la mayiyu n'lolemera. Woberedwa ndalama za nandolo wa chaka chonse amafuna pokadandaula pafupi, m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndalamazo zisanatapidwe kwina.

Za msonkho ndiye aliyense ndi katswiri. Amakumbukira za mu 2019, nduna ya zachuma a Joseph Mwanamvekha atafuna kudula 1 peresenti pa ndalama za pa foni, anthu n'kukuwa mpaka boma linabweza ganizolo. Anyamata a kabaza amasimba ngati analigonjetsa ndi iwo pa siteji pomwepa.

Panopa akukangana za mtengo wa mango wina kuseri kwa msika, kuti kodi netiweki imagwiradi bwino patsinde pake kapena mpaka ukwere.