Wotsala M'modzi!

Anthu amene anaphunzira za mayendedwe amati galimoto iziyenerana ndi msewu wake ndi kuchuluka kwa okwera: kumene kuli khamu kupite chibasi, kumene kuli anthu owerengeka kupite kaminibasi. Mfundoyi ndi yanzeru, ndipo amene anaiganiza ayenera kuti ali ndi galimoto yakeyake. Pa depoti ya Lilongwe kapena ya Wenela ku Blantyre masamu ake ndi ena. Kumeneko sasaka basi yokwana anthu, amapinda anthu kuti akwane m'basi.

Taonani Toyota Hiace. Ku Japan kumene inachokera inkakhala moyo waulemu, mwina kunyamula makatoni a m'sitolo. Itangotsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, amisiri anaiwotcherera mipando yachitsulo, n'kuiuza kuti tsopano ndi minibasi. Boma linalamula kuti pampando pazikhala anthu atatu, ndipo lamuloli limatsatidwa mokhulupirika kwambiri pamalo amene apolisi apamsewu akuoneka. Kwina konseko wachinayi alipo, wakhalira thako limodzi.

“Amayi, tasunthani pang'ono, akhale achimwenewa.”

“Ndisunthire kuti, mwana wanga? Pawindo?”

“Khalani chammbali basi, ndi pompa apa.”

Pompa apa ndi ku Mchinji. Minibasi ikamayandikira rodibuloko, wachinayi uja amatsitsidwa, n'kudutsa apolisi wapansi, manja m'thumba, maso kumwamba, ngati sanaionepo minibasiyo chibadwire. Kutsogolo pang'ono amapezanso malo ake akumudikira. Palibe amaseka. Aliyense amadziwa kuti mawa wotsika ndi iyeyo.

Chibasi cha mipando 65 chili ndi vuto lina: mimba yake ndi yaikulu kuposa njala ya msewu. Chikafuna kupita ku Mzuzu sichinyamuka ndi wotchi, chimanyamuka chikadzaza. Inu mwafika m'mamawa, mwasuzumira, mwaona mitu pafupifupi m'mawindo onse, mtima pansi, mwadula tikiti. Injini ikulira, dalaivala akuponda moto, basi ikusuntha pang'ono n'kubwereranso. Woitanira akulumbira pali malemu agogo ake kuti wotsala ndi m'modzi. Patapita kanthawi bambo wa jekete amene munakhala naye, uja amaoneka wa ulendo wautali, akudzuka n'kutuluka osatsanzika. Wina kumbuyo akutero, winanso. Amenewo ntchito yawo ndi kukhala pampando kuti basi izioneka yodzaza, ndipo muwapeza akhala kale m'basi ina, nkhope zili zofulumira ulendo. Kunena chilungamo, pa anthu onse a pa depoti ndi iwowa amene amafika pantchito nthawi yake.

Podikirapo simusowa chochita. Pawindo padutsa mazira owiritsa, ma chaja, masokosi, mankhwala a makoswe ndi mankhwala a m'mimba, nthawi zina m'dzanja limodzi. Kenako akwera abusa. Ulaliki wawo umakhala wa imfa yadzidzidzi, ndipo amakumbutsa mwaulemu kuti si onse onyamuka amene amafika. Chopereka cha m'basi sichivuta kutolera.

Akuluakulu akamaona izi amapukusa mitu n'kuyamba za kale: masiku a kampani ya mabasi ya UTM, imene kampani ya Stagecoach inagula mu 1989, kenaka Shire Bus Lines. Amati basi inali ndi nthawi yake, tikiti yake, ndi woyendera matikiti amene ankaopedwa kuposa ahedi. Amati inkafika mpaka kumidzi ya fumbi, ngakhale ili ndi anthu asanu. Zoti mabasi oyenda ndi anthu asanu ndiwo amathetsa kampani sazitchula. Misewu imeneyo lero ndi ya matola ndi kabaza, kumene funso loti galimoto imanyamula angati limayankhidwa ndi matayala.

Msika unaona kuti anthu atopa ndi kudikira, ndiye unabweretsa Sienta. Ili ndi mipando 7, choncho siichedwa kudzaza, ndipo apa ophunzira za mayendedwe aja akhoza kuwomba m'manja. Angodikira kaye aone. Kutsogolo kukhala awiri, ndipo tsiku la msika wachitatu agawana mpando ndi dalaivala, amene amayendetsa phewa lili kunja. Pa chitunda ulendo wonse umadalira mgwirizano.

“Bigi, tachotsani bondo ndilowetse giya.”

“Pepani madala, lowetsani.”

Ulemu woterewu simuupeza ngakhale ku Nyumba ya Malamulo.

Pamwamba pa zonse pali kochi ya pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, imene imanyamuka pa nthawi yolembedwa, kaya mwafika kaya muli pa kabaza mukukuwa. M'menemo munthu aliyense ali ndi mpando wathunthu, ndipo mpando wathunthu umasintha khalidwe. Yemwe dzulo analandira mwana wa eni ake pamiyendo popanda kufunsa dzina, lero akuyang'ana woyandikana naye ndi diso lofiira chifukwa chigongono chadutsa malire. Foni ikaitana sayankha kuti ali m'njira, amati ali mu kochi, mokweza, kuti a kumudzi amve kuti zinthu zili bwino. Pa Lizulu amayang'ana kachewere ndi kabichi kudzera pagalasi mtima ukuwawa, chifukwa anzake a m'minibasi atsika ndipo akutsitsitsa mitengo.

Koma amene amaidziwadi ntchito yoyeza galimoto ndi okwera ndi kondakitala wa minibasi ya ulendo wautali. Iyeyu sanapite ku koleji, koma amawerenga mitu pa siteji iliyonse. Mwanyamuka ku Lilongwe mwadzaza, chikwangwani chikuti Blantyre, mwalipira ya Blantyre. Pa Dedza atsika ena, pa Ntcheu ena. Pofika pa Chingeni mwatsala anayi ndi thumba la makala. Kondakitala atsika, akanong'onezana ndi mnzake wa minibasi ina imene yaima potero, yodzaza kale. Ndalama zisinthana manja. Abwera akumwetulira.

“Makolo, galimotoyi yavuta pang'ono. Kwerani iyo, ndalipira kale.”

Mukutsitsa zikwama, ndipo galimoto yovutayo yatembenuka kale, ikuitanira a ku Lilongwe ndi injini yathanzi. Agogo ena aakazi, dengu lili pamutu, aima pakhomo la minibasi yatsopanoyo, ayang'ana m'kati mmene mulibe ngakhale poponda, n'kutembenukira kwa kondakitala watsopano.

“Iwe mwana, watigula zingati?”

“Musadandaule agogo, inuyo mwabwera ngati basera. Ine ndimafuna makalawo.”