Kalulu ndi Chipanda cha Fulu

Padangokhala. Dzuwa la mwezi wa October litafika pachimake, mtsinje wa Lupande unaphwa, kuyambira kwa Msoro mpaka kufupi ndi Mfuwe kumene umathira mu Luangwa. Njovu inafukula mchenga nipeza madzi, ndipo nyama zonse zinkamwa pachitsime chimodzicho.

Pokhala chitsime cha onse, anaika lamulo. Wofuna kulumikiza ngalande yake ayambe wathira madzi ake m'chipanda cha Fulu. Fulu alawe, agonere usiku, m'mawa Mbidzi alawenso, kenaka ngalande itsegulidwe.

Tsiku lina chakumadzulo Kalulu anatulukira ndi kamtolo ka masamba.

"Agogo, lamulo lija likunena za ngalande. Ine sindinakumbe kanthu. Ndi timasamba chabe tokometsera madzi. Kanthu kochepa chonchi mpaka mugonere usiku?"

Fulu anali atatopa. Anasuzumira kamtoloko chapatali nati, "Kakuoneka bwino, mdzukulu wanga."

Kalulu anathamangira kwa Mbidzi. "Achimwene, agogo avomera."

"Akavomera akulu, ine ndine yani?" anatero Mbidzi, osanunkhiza n'komwe.

Kalulu anaponya masambawo m'chitsime dzuwa likulowa, napita kumowa kutsidya. Pakati pa masambawo panali katupe, uja wophera nsomba. Kutacha, Nyamalikiti anali dzandidzandi, ana a Njati akusanza, ndipo chigwa chonse chinakhala ndi ludzu mpaka Njovu itakumba pena.

Zotere si za nyama zokha. Pa 19 July 2024 kampani ya CrowdStrike inatumiza kafayilo kosintha makonzedwe a pulogalamu yake yoteteza makompyuta. Chida choyesera chinali ndi vuto ndipo chinakavomereza, kafayiloko n'kupita kwa makasitomala onse nthawi imodzi. Makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anaima. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala zinasokonekera. Chosintha chilichonse, chaching'ono kapena chachikulu, chiyenera kuyesedwa padera, wina achiwerengedi ndi maso ake, ndipo chiyambe chafika kwa ochepa chisanalowe m'chitsime cha onse.

Tibwerere kuchigwa kuja. Pabwalo la milandu Njovu inalusa. "Olawa awiri achepa! Kuyambira lero akhale asanu: Fulu, Mbidzi, Njati, Nyani ndi Fisi. Popanda zidindo za mapazi asanu, kanthu sikalowa m'chitsime."

Nyama zinaomba m'manja. Palibe anafunsa ngati awiri oyamba aja analawadi.

Amene anaomba kwambiri anali Kalulu. Pobwerera mkazi wake anamufunsa, "Bambo a kunyumba, mukusekerera chiyani pamene akuthinitsirani njira?"

"Mayi, kale ndinkanyengerera awiri. Tsopano sindidzavutikanso, pakuti aliyense azidzati anayi enawo alawa kale."

Kaphuleni mbatata, ingapserere.