Corolla ya aphunzitsi yadwala, Kawale yense wasanduka dokotala

Sabata ino ku Kawale kulibe nkhani yoposa ya Corolla ya aphunzitsi athu opuma ntchito aja. Za mtengo wa chimanga zayamba zaima, za mpira zaikidwa pambali. Galimotoyo ndi ya mtundu wa 110, umene kampani ya Toyota inayamba kupanga mu 1995, ndipo inafika kuno mmene zimafikira zinzake zambiri: pa sitima yapamadzi kuchokera ku Japan mpaka pa doko la Dar es Salaam, kenako pamsewu kudzalowera pa Songwe. Injini ilibe mlandu, ikulira bwinobwino. Matenda ali kunsi. Ikakwera hampu imati gudu! Ikamakhota imati khe-khe-khe. Ikalowa mu M1 chiwongolero chimanjenjemera, ndipo mukachitaya pang'ono chabe galimoto imalunjika kumanzere, kwa amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu.

A pa bawo anauweruza mlanduwu tsiku loyamba lomwe, osadzuka n'komwe pa mipando yawo: mashoko. Kwathu kuno chilichonse cholira pansi pa galimoto ndi mashoko, monga mmene kutentha thupi kulikonse kumakhalira malungo munthu asanayezedwe magazi. Mwamwayi pagululo pali madala ena amene anakalambira pa lole yonyamula fodya kupita ku Kanengo. Iwowa anadzuka, natsamira pa ngodya iliyonse ya galimoto, kuikanikizira pansi ndi thupi lonse, n'kuisiya. Kutsogolo inkadzuka kamodzi n'kukhala chete. Kumbuyo kumanja inapitiriza kuvina yokha mpaka ana anawomba m'manja. Atasuzumira kuseri kwa tayala anapeza shoko yanyowa mafuta, fumbi litakakamira mpaka pansi.

Njira ya madalawa ndi yakale koma si yabodza. Chonyamula galimoto ndi sipuling'i. Shoko ntchito yake ndi kuletsa sipuling'iyo kudumphadumpha. Mafuta a m'kati akatuluka, tayala limayamba kunjanja pamsewu m'malo mougwira, ndipo zimenezi zimaonekera pokhota ndi pomanga mabuleki pamsewu wokumbika. Kungoti kuyesa kotereku kumagwira shoko yoti yaferatu. Yongofooka imatha kukhoza mayesowo. Komanso shoko imodzi yakumbuyo singachititse khe-khe-khe wa kutsogolo. Mfundo imeneyi a pa bawo sanafune kuimva, chifukwa anali atayamba kale kugwirana chanza.

Amene anawasokoneza ndi mnyamata womata matayala pafupi ndi chigayo. Iye akuti anthu akuluakulu amakonda kuyambira pa zodula. Anangotenga geji yake n'kuzungulira galimoto. Tayala lakutsogolo kumanzere linali ndi mpweya wochepa kwambiri, lakumanja litapopedwa mpaka kuuma gwa.

"Aphunzitsi, tayala lofooka limakoka galimoto kumbali yake. Mpweya woyenera unalembedwa pa kapepala ka pachitseko apa, koma inu mumapopetsa poyang'ana ndi maso."

Aphunzitsi, amene kwa zaka zambiri ankauza ana kuti aziwerenga malangizo asanayankhe funso, anangokhosomola.

Mnyamatayu ali ndi nzeru zina zimene ndaona kuti n'zoyenera kuzifalitsa, poti n'zaulere. Akuti mukakonza mpweya galimoto n'kumakokabe, sinthanitsani matayala awiri akutsogolo. Kukoka kukasamukira mbali inayo, wolakwa ndi tayala, osati zitsulo. Akutinso musamayesere pa msewu uliwonse, chifukwa ife timayenda kumanzere ndipo msewu anaupendeketsa dala kuti madzi a mvula azitsetserekera m'ngalande. Galimoto yabwinobwino imatha kutsetserekera komweko pang'onopang'ono. Tayala nalo limaulula zambiri kwa wodziwa kuliwerenga. Likadyeka m'mphepete monse muwiri, lakhala likuyenda ndi mpweya wochepa. Likadyeka pakati pokha, mpweya unkachuluka. Likadyeka mbali imodzi, makamaka yam'kati imene mwini wake saiona, mawilo sakuloza kumodzi. Likakhala ndi zigwembezigwembe pozungulira, funsani shoko. La aphunzitsi lakumanja linali litaonetsa mawaya m'kati, kunja likuoneka ngati lakadali ndi moyo.

Chimene chinaseketsa anthu kwambiri ndi zaka za matayalawo. Pakhoma la tayala pamakhala manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa. Mwachitsanzo 2316 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Aphunzitsi anagula awo pa kaunjika, wogulitsa atalumbira kuti angotsika kumene. Kutsika angakhale anatsikadi kumene, koma limodzi mwa iwo likanakhala mwana bwenzi likukonzekera mayeso a Sitandade 8.

Ku chigayo nkhani inatenga njira ina. Amayi kumeneko alibe nazo ntchito zoti chathyoka n'chiyani. Akufuna kudziwa anathyola ndani. Ena akuti ndi mwana wotsiriza wa m'nyumbamo, amene amaphunzira kuyendetsa usiku bambo ake akagona, ndipo mahampu amawaona atawadutsa kale. Ena, motsitsa mawu, akuti galimoto inaponda zinazake pa mphambano, poti anthu ansanje ndi ambiri. Koma mayi a kunyumba kwa aphunzitsi anazithetsa zonsezi ali chiimire, lichero lili m'manja. Akuti chaka chilichonse nthawi yokolola bambo amabwera kuchokera ku munda ku Mitundu ndi matumba asanu ndi atatu a makilogalamu 50, ena m'buti ena pampando, kuphatikizapo maungu ndi mlamu wawo. Werengani nokha: makilogalamu 400 a chimanga chokhachokha, pamsewu wa fumbi, m'galimoto yopangidwira banja lopita kokagula zinthu ku Nagoya. Masipuling'i otopa sabisika. Imikani galimoto pamalo osalala, yezani kuchokera pansi kufika pa chitsulo cha pamwamba pa tayala mbali zonse. Mbali yogwa idzadziulula yokha.

Anyamata a Sienta pa siteji atamva zimenezi anabwera ndi mankhwala awo a nthawi zonse: ikwezeni, ankolo, muikemo ma spacer. Sindikuwatsutsa kotheratu, chifukwa galimoto za ku Japan n'zofupikadi pa misewu yathu, ndipo amene anaboolapo sampu pa mwala amadziwa ululu wake. Koma kukweza sikuchiza sipuling'i yotopa kapena shoko yakufa, kumangobisa manyazi. Galimoto yokwezedwa kwambiri imayedzamira pokhota, ndipo ma CV joint amagwira ntchito atapindika kuposa mmene anawapangira. Walira mvula walira matope. Ndiponso uphungu wa zonyamula wochokera kwa anthu amene amalowetsa khamu m'galimoto ya mipando isanu ndi iwiri ndi wofunika kuulandira ndi dzanja limodzi.

Mkulu wa mpingo wina, amene galimoto yake ndi yatsopanoko, anati zonsezi n'zachikale. Apite akaipange alayimenti ya pa kompyuta basi. Apa ndiye pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Alayimenti ndi kulunjikitsa mawilo, ndipo simungalunjikitse chinthu chimene chikugwedera. Makinawo adzaonetsa manambala obiriwira, mudzalipira, mudzatuluka pa geti, ndipo dzenje loyamba lidzabwezera zonse mwakale. Alayimenti ndi yomalizira, zitsulo zotha zitasinthidwa.

Lachinayi galimoto inakafika ku Biwi, kwa makaniko wina wosalankhulalankhula, ndipo theka la bawo linatsatira kukachitira umboni. Iye sanagwire sipanala. Choyamba anatsegula buti n'kutulutsa jeke wosamangirira, khasu, chigubu ndi mpini wa nkhwangwa, ndipo gawo lina la gudu lija linachira pomwepo. Kenako anakhala pa chiwongolero, aphunzitsi pambali, n'kuyamba mafunso.

"Bambo, imalira nthawi yanji? Pa hampu, pokhota, kapena pomanga mabuleki? Kunjenjemerako kumayamba pa liwiro lanji?"

Ine ndikuona kuti luso lonse lagona pa mafunso amenewa, chifukwa chitsulo chilichonse chili ndi nthawi yake yodandaulira. Khe-khe-khe womveka mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto n'kuponda moto ndi CV joint yakunja, ndipo kawirikawiri mudzapeza labala wake wang'ambika, girizi atamwazikira m'kati mwa limu, mchenga utalowa m'malo mwake. Kugogoda kwa pafupipafupi pamsewu wa miyala, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, kumakonda kuchokera ku tizitsulo ta stabilizer kapena mabushi ake, zinthu zotsika mtengo zimene zimasokosa kuposa msinkhu wake. Gudu mmodzi pomanga mabuleki kapena ponyamuka amaloza mabushi a control arm. Kulira potembenuza chiwongolero galimoto ili chiimire kumatumiza munthu pamwamba pa shoko, pa mounting. Kunjenjemera kobwera pa liwiro la 80 mpaka 100, n'kuchepa mukatsika, ndi tayala losachita balansi kapena limu lopindika. Kobwera pokhapokha mwaponda buleki ndi ma disc. Ndipo mkokomo wa wuuu wokula limodzi ndi liwiro, wosintha mukakhotera uku ndi uku, ndi bering'i.

Atabwerako anaikweza pa jeke n'kuikhazika pa zitsulo zochirikizira, osati pa njerwa zimene anthu ena amaikirapo moyo wawo. Anagwira tayala mbali ndi mbali n'kuligwedeza: kumanja kunamveka kho-kho, tie rod end yatha. Anagwiranso pamwamba ndi pansi, kumene kumaululira ball joint kapena bering'i, n'kupanikiza ndi chitsulo chachitali kuti aone ngati pali chodumpha. Ball joint yakumanzere inali itayamba kusewera. Apa makaniko anasiya ulemu wonse. Anati zina zonse zikhoza kudikira penshoni, koma ziwirizi ayi. Aliyense anaonapo galimoto itagwada pamsewu, tayala limodzi litapindikira kunja, mwini wake ataima pambali manja ali m'chiuno. Imeneyo ndiyo ball joint yothothoka, ndipo ochita mwayi imawathothokera pa hampu osati pa liwiro la ku Dedza.

Mkangano watsopano tsopano uli pa masipeya. Gulu lina likuti agule zochotsa pa galimoto ina ya ku Japan, poti n'zenizeni ngakhale zinagwirapo ntchito. Lina likuti zatsopano za m'sitolo, ngakhale kuti m'makatoni okongola mumatuluka zabwino ndi zachinyengo zomwe. Pali ndi amene akulimbikira mabushi osema ku tayala lakale, ntchito imene amisiri a m'misika yathu amaidziwa bwino. Pa stabilizer ndingawalole. Pa chitsulo chogwira chiwongolero, ndalama zituluke basi. Shoko yakale nayo ndi juga, chifukwa simudziwa yatsala ndi moyo wotani. Makaniko wanena zitatu zokha: mashoko amasinthidwa awiriawiri, kumanzere ndi kumanja, sipuling'i imapanidwa ndi chida chake osati ndi waya kapena chingwe, chifukwa ikapulumuka imathyola nsagwada, ndipo mabawuti a mabushi amamangitsidwa komaliza galimoto itatsika, kulemera kwake kuli pa matayala, apo ayi labala amapotoka n'kung'ambika msanga.

Pamene ndikulemba, tie rod end ndi ball joint zasinthidwa, matayala awiri akutsogolo agulidwa, ndipo alayimenti yachitika pambuyo pake monga mwa dongosolo. Chiwongolero chasiya kunjenjemera, amayi a tomato akugulitsa mwamtendere. CV joint ikuyembekeza kutha kwa mwezi. Mashoko akumbuyo akuyembekeza mwana wa aphunzitsi wa ku Johannesburg, amene wauzidwa kale katatu pa WhatsApp kuti satifiketi ya COF ya galimotoyo yatsala pang'ono kutha. Ofalitsa za pa mphambano aja sanabweze mawu. Akuti amene anaika mankhwalawo ndi yemweyo anang'amba labala wa CV joint.

Zokambirana zovuta kwambiri zili m'nyumba mwa aphunzitsi momwemo. Mayi alamula kuti chaka chino chimanga chibwere pa lole yaganyu. Bambo akuti angochepetsa, azinyamula matumba asanu ndi limodzi. Dzulo madzulo, malinga ndi a neba amene khoma lawo n'lalifupi, anali atafika pa matumba anayi, koma za mlamu asanagwirizane.