Nkhuyu zopaka penti

Amene ananena kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere anali asanaone chitini cha penti. Akanachiona, bwenzi atausiya mtengo wa mkuyu, n'kukakhala m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Dyeratu, Nchalo ndi Ngabu, n'kumangoloza nyumba. Iyo yobiriwira ngati nzimbe za ku Illovo, iyo yapinki ngati keke ya ukwati. Ikangodutsa mvula imodzi, zina mwa izo zimayamba kufundula ngati njoka.

Nkhani imayamba ndi ndalama. Bambo agulitsa ng'ombe ziwiri, kapena chitowe chayenda malonda, kapena mwana wa ku Joni watumiza kangachepe. Simenti yatsika mapiri kuchokera ku Blantyre, yadutsa pa Thabwa, yaoloka Shire. Amisiri amata pulasitala Lolemba, Lachitatu foni yalira: mwana uja akufuna chithunzi pa WhatsApp kuti aone kumene kwalowa thukuta lake. Khoma lotuwa silikoma pachithunzi. Basi, wina athamange akagule penti.

Mboni yoyamba kunama pa mlanduwu ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, moti pulasitala wa m'mawa pofika masana amakhala atayera mbee, ukamugogoda ali gwa. Mwini nyumba amati zatheka. Chonsecho simenti siilimba chifukwa chouma, imalimba chifukwa chomwa madzi. Ikauma msanga imafa ndi ludzu, ndipo ukapalasa khoma ndi chikhatho mchenga umayoyoka. N'chifukwa chake khoma latsopano limafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku ngati 7, ndipo mphamvu zake zimakwanira bwino pakatha masiku 28.

Apa ndi pamene mmisiri woona mtima amaoneka ngati wapenga. Sabata yoyamba akuti thirirani khoma ngati dimba la mpiru. Ikatha sabatayo akuti tsopano lisiyeni liume, musalikhudze mpaka mwezi utakwana. Mwini nyumba, amene watunga madziwo ndi zigubu panjinga, amafunsa kuti, "Achimwene, kodi mukufuna linyowe kapena liume?" Yankho lake ndi lakuti zonse ziwiri, koma motsatana.

Nyerere zenizeni za nkhuyu ya ku chigwa cha Shire ndi mchere. Mijigo yambiri kuno imatulutsa madzi amchere, ena osamweka n'komwe, ndipo makolo a Amang'anja ankachita kutcheza mchere kuchokera m'dothi lomweli n'kumagulitsa. Tsono madzi amene akanidwa pophikira tiyi ndi omwe anthu amati "awa ndi omangira". Mchere uja umalowa m'khoma mwakachetechete. Madzi akamauma, iwo umatsalira pamwamba ngati wina wawaza ufa woyera. Ukapeza penti watseka njira, sukambirana naye: umamutukula, khoma n'kuchita matuza, kenako zikamba. Ochenjera amaudikira utuluke, n'kuusesa ndi burashi youma. Kuutsuka ndi madzi n'kuuperekeza kubwerera m'kati momwe unachokera.

Mchenga nawo uli ndi mlandu wake. Wotapa pafupi, wodzaza matope, umafooketsa pulasitala. Kuuyesa n'kosavuta: kuuthira m'botolo la madzi, kukhutchumula, n'kuona kuchuluka kwa matope amene akhale pamwamba pa mchengawo. Ndiye pali dothi la makande la ku Ngabu, lofufuma nthawi ya dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Mng'alu wochokera pansi ngati umenewo penti amaubisa mpaka tsiku la chithunzi basi.

Ndipo kuno madzi amabweranso osaitanidwa. Anabwera mu Januwale 2015, anabwera ndi namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Khoma limene laima m'madzi limamwa mpaka m'mitima ya njerwa, ndipo limatenga nthawi yaitali kuti lilavule. Ambiri amathamangira kupaka penti kuti afufute mzere wa matope uja, mwina n'kufufutanso chikumbutso cha tsokalo, zomwe n'zomveka. Koma mzerewo umabwerera pamalo pake penipeni ngati wangongole.

Kufunsa khoma ngati lauma sikulira ndalama. Munthu amamata kapepala ka pulasitiki pakhoma, kutseka m'mbali monse ndi tepi, n'kukagona. Kukacha, ngati m'kati mwa pepalalo muli thukuta, penti adikire. Likapezeka louma, mpamene ntchito yosaoneka pachithunzi imayamba: kupala zotumphuka, kutseka ming'alu, kukwecha ndi sandipepala, kupukuta fumbi, kenako kupaka penti woyamba wopangidwira pulasitala watsopano. Ameneyu ndi amene amadumphidwa kawirikawiri, poti alibe mtundu wosangalatsa alendo. Simenti yatsopano ndi yaukali, imadya penti wamafuta mpaka kumusandutsa chinthu chonanda ngati sopo. Laimu amene agogo ankapaka analibe matama otere. Ankalola khoma kupuma, ndipo akatha ankangopakanso Khirisimasi ikayandikira.

Matailosi ndiye ali ndi khalidwe losiyana. Penti amakonda khoma losalala, iwo amafuna lokhakhala loti agwirepo. Mmisiri amene wasalaza khoma la kubafa mpaka kuwala ngati galasi wagwira ntchito yokongola yoti mnzake adzaigobe. Khomalo liyenera kukhala lowongoka, lolimba, lopanda fumbi, ndipo zomatira zifike kumsana konse kwa tailosi. Koma poti thumba la zomatira ndi lodula, ena amangoika timadontho tisanu, anayi m'makona, kamodzi pakati, n'kukanikiza. Kunja kumaoneka ngati hotela ya mumzinda.

Mlendo wofuna kudziwa zoona atenge kiyi agogode tailosi imodzi imodzi. Yomatidwa bwino imayankha motsitsa mawu. Ya timadontho tisanu imalira ngati chigubu chopanda madzi, ndipo kumbuyo kwake kuli zipinda zaulere, zozizira bwino ngakhale mu Novembala. Mphemvu zimalowa poyamba. Pakapita milungu ingapo, pa kamng'alu ka pakati pa matailosi awiri pamatuluka mzere wa nyerere, ulendo wa kukhitchini kumene kuli shuga.